Mfuti ya agogo: chuma cha mbiri kapena mlandu?

Munthu akatsika basi pa Thyolo Boma kapena pa Makwasa m'mamawa, chimene chimayamba kumulonjera ndi kubiriwira kwa tiyi. Mapiri onse amaoneka ngati ayalidwa mkeka. Amayi ndi abambo, atabereka madengu kumsana, amakhala ali jijirijijiri kuthyola masamba chiperoni chikuwaza.

Ndi malo abata. Mlendo sangaganize kuti nthaka yomweyi idanunkhapo utsi wa wonga, ndiponso kuti mfuti idathandiza nawo kugamula kuti mwini malowa akhale yani.

Taganizirani za banja lina m'mudzi wa m'mphepete mwa esiteti. Agogo aamuna atisiya, ndipo adzukulu akusasula denga la nyumba yawo yaudzu kuti akhome malata. Pakati pa nsungwi zodzadza mwaye akupeza chitsulo chachitali chadzimbiri, chomangiriridwa ku mtengo wofumbwa. Ndi mfuti ya gogodera.

Apa banjalo limasowa chogwira. Wina anena kuti ikatayidwe m'chimbudzi apolisi asanamve. Wina anena kuti ikagulitsidwe kwa ogula zitsulo zakutha. Mnyamata wina wamatama afuna aione ngati ikadalira. Mwa onsewa palibe amene akufunsa kuti mfutiyo idachokera kuti, idafika bwanji m'manja mwa agogo, nanga idaona zotani.

Kugogoda ndiye dzina

Mfuti zamakono zimalandira chipolopolo chakumbuyo, ndipo chipolopolocho chimabwera ndi wonga wake m'kati. Ya gogodera imadyera kukamwa.

Mlenje ankaimika mfutiyo pansi, kukamwa kutaloza kumwamba. Ankathira wonga, n'kuikapo kansanza kapena luzi, kenaka chipolopolo cha mtovu. Akatero ankasolola kandodo kachitsulo kamene kamakhala kunsi kwa mpope wa mfutiyo n'kumatsindira zonsezo, go! go! go! mpaka zitakhazikika. Kugogoda kumeneku ndiko kudabala dzina loti gogodera.

Zoyambirira kufika kuno zinkayaka ndi kamwala kolimba. Munthu akakoka kachitsulo ka pachala, kamwalako kankamenya chitsulo, moto n'kuthetheka n'kugwera pa wonga. M'chaka cha 1807 mbusa wina wa ku Scotland, Alexander Forsyth, adalembetsa njira yoyatsira mfuti ndi mankhwala ophulika akamenyedwa. Njirayi ndiyo idadzetsa kachipewa kakang'ono ka mkuwa kamene kanyundo ka mfuti kamamenya. Mfuti za mtundu wachiwiriwu sizinkavuta kwambiri nyengo ya chinyezi.

Wonga wake udali wakuda, wosakaniza makala, sulufule ndi mchere wina wotchedwa saltpetre. Ukayaka umatulutsa chiutsi choyera, moti woombayo amayamba wadikira kuti utsi upite asanaone ngati walasa. Ukanyowa, mfuti imasanduka chibonga chabe. Kwa mlenje wa ku Thyolo, kumene chiperoni chimatha masiku osakata, limeneli lidali vuto la chaka ndi chaka.

Msilikali wophunzitsidwa bwino ku Ulaya ankatha kuomba katatu pa mphindi imodzi. Zambiri mwa mfuti zimene zinkagulitsidwa ku Africa zidali zosalala m'kati mwa mpope, choncho chipolopolo chinkayamba kusochera chikangouluka mamita makumi angapo. Mlenje wa njati ankayenera kuyandikira ndithu, akudziwa kuti akaphonya sapezanso mpata wogogoda kachiwiri.

Zidabwera ndi minyanga ndi akapolo

Mfutizi sizinkasulidwa kuno. Zambiri zinkapangidwa mumzinda wa Birmingham ku England ndi wa Liège ku Belgium, kumene kudali mafakitale opanga mfuti zotchipa zoti zikagulitsidwe ku Africa. Zina zidali zotsala za asilikali a ku Ulaya. Gulu lankhondo likalandira mfuti zatsopano, zakalezo zinkagulidwa ndi amalonda n'kukwezedwa m'zombo.

Njira zake zidali ziwiri. Ina inkachokera ku Zanzibar ndi Kilwa, kudzera m'manja mwa Aluya, Aswahili ndi Ayao, mpaka kunyanja. Ina inkachokera ku Quelimane, Sena ndi Tete, m'manja mwa Apwitikizi ndi Achikunda, n'kukwera ndi mtsinje wa Shire. Mapiri a Thyolo ndi Mulanje adali pakati pa njira ziwirizi.

Mtengo wa mfuti ndi wonga udali minyanga ya njovu ndi anthu. Mfumu yokhala ndi mfuti inkagwira anthu ambiri, ndipo anthu ogwidwawo ankaigulira mfuti zinanso. Amang'anja, eni nthaka a derali, adali alimi a thonje, oomba nsalu ndi osula zitsulo odziwika, koma zida zawo zidali mauta ndi mikondo.

Pa 16 July 1861, David Livingstone ali limodzi ndi gulu la Bishopu Charles Mackenzie adakumana ndi mdipiti wa akapolo pamudzi wa Mbame, pamwamba pa zitunda zotsikira ku Chikwawa. Ankapita nawo ku Tete. Oyendetsa akapolowo, amene adanyamula mfuti, adathawira kutchire, ndipo anthu 84 adamasulidwa tsiku limenelo. Patangotha masiku ochepa, azungu omwewo adaomberana ndi Ayao chakufupi ndi Zomba.

Nkhondo zija zidakumana ndi chilala cha 1862 ndi 1863. Anthu adasiya minda, ambiri adafa ndi njala, ena adathawira m'mapiri ndi m'zisumbu za m'Shire.

Anthu ochepa, mfuti m'manja

Nkhani imene imaonetsa bwino mphamvu ya gogodera m'masiku amenewo ndi ya Amakololo. Awa adali amtengatenga ndi opalasa ngalawa amene Livingstone adabwera nawo kuchokera kumtunda kwa Zambezi. Iye atachoka m'chaka cha 1864, kagulu kochepa, kosafika ndi anthu 20 omwe, kadatsala m'chigwa cha Shire. Kadatsala ndi mfuti.

Pasanathe zaka zambiri alendo amenewa adali mafumu. Anthu othawa nkhondo ndi njala ankabwera kudzabisala m'malinga awo. Mayina monga Kasisi, Katunga ndi Maseya, amene lero ndi a mafumu akuluakulu m'boma la Chikwawa, kunsi kwa mapiri a Thyolo, adayambira pamenepo.

Komatu gogodera sinkapambana paliponse. M'chaka cha 1884 Angoni a Chikuse adaoloka Shire n'kusakaza midzi ya kumtunda kuno. Iwo ankadalira chishango ndi nthungo, ndipo ankadziwa kuti mwini mfuti akaomba kamodzi amakhala wopanda chida kufikira atagogodanso. Anthu a m'dera la Blantyre, Ayao okhala ndi mfuti omwe, adakwera mapiri a Ndirande ndi Soche kukabisala.

Chaka chomwecho mzungu wogula minyanga, George Fenwick, adaombera mfumu Chipatula ya Amakololo atakangana pa zamalonda. Anthu a mfumuyo adamupha n'kumiza sitima yapamadzi ya Lady Nyassa. Ndipo m'chaka cha 1889 Amakololo a Mlauli adalimbana ndi gulu lankhondo la Mpwitikizi Serpa Pinto chakufupi ndi mtsinje wa Ruo. Mfuti zawo zakale sizidathe kupikisana ndi zamakono za Apwitikizi, ndipo ambiri adaphedwa. Mkangano umenewu ndiwo udachititsa Britain kuopseza Portugal mu January 1890, ndipo mapeto ake Ruo adakhala malire, monga alili mpaka lero kummwera kwa Thyolo.

Malo ooneka ngati opanda eni

Apa ndiye pamene nkhani ya mfuti ikukumana ndi ya tiyi.

Azungu ofuna minda atayamba kuchuluka m'zaka za m'ma 1880, adapeza zigwa zachonde za kumtunda kwa Shire zili ndi anthu ochepa. Eni ake adali atafa, atagulitsidwa, kapena ataunjikana m'mapiri kuopa nkhondo. Kwa mlendo malowo ankaoneka ngati thengo lopanda mwini.

Mafumu amene adalipo ankafuna chitetezo. Ambiri adadinda chala pa mapepala amene sankatha kuwerenga, n'kulandira nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga. Pa mwambo wathu mfumu imangosunga nthaka m'malo mwa anthu ake, siingaigulitse. Koma pa pepala la mzungu kudalembedwa kuti malo agulidwa.

Dziko lino litakhala pansi pa Britain m'chaka cha 1891, Harry Johnston adaunika mapepala aja n'kupereka zikalata zaumwini zotchedwa Certificates of Claim. Zambiri zidatuluka pakati pa 1892 ndi 1894. M'dziko lonse zidatenga maekala pafupifupi 3.7 miliyoni. Mmodzi mwa amene adapata malo aakulu ku Thyolo adali Eugene Sharrer, amene minda yake idadzakhala ya British Central Africa Company.

Poyamba azunguwo adabzala khofi, kenaka thonje ndi fodya. Tiyi, amene adayamba kulimidwa ku Mulanje m'chaka cha 1891, adafika ku Thyolo m'chaka cha 1908. Esiteti ya Satemwa, mwachitsanzo, adaitsegula Maclean Kay m'chaka cha 1923.

Ogwira ntchito ambiri adali Alhomwe, amene kuyambira m'zaka za m'ma 1890 ankaoloka malire kuthawa nkhanza ndi ntchito yakalavulagaga ya Apwitikizi ku Mozambique. Adapatsidwa pokhala m'maesiteti, malipiro ake n'kukhala thangata, kugwirira ntchito mwini malo m'malo mwa lendi. Mawu amene kale ankatanthauza kuthandizana pa ntchito adasanduka dzina la goli.

Yakale kwa wakuda, yatsopano kwa boma

Pa 2 July 1890 mayiko a ku Ulaya ndi ena adasainirana pangano mumzinda wa Brussels lothetsa malonda a akapolo. M'panganomo mudalinso mfundo za mfuti. M'chigawo chachikulu cha Africa, kuphatikizapo kuno, mfuti zamakono zidaletsedwa kugulitsidwa kwa eni dziko. Zololedwa zidali zoyaka ndi kamwala, zosalala m'kati, ndi wonga wamba wamalonda.

Cholinga cholembedwa chidali chabwino, pakuti mfuti ndizo zinkadyetsa msika wa akapolo. Koma zotsatira zake zidali zakuti munthu wakuda adatsala ndi chida cha agogo pamene boma la atsamunda linkanyamula za m'badwo watsopano. Asilikali a Britain adali atasiya kale mfuti zodyera kukamwa. Adayamba kugwiritsa ntchito Snider m'chaka cha 1866 ndi Martini-Henry m'chaka cha 1871. Mfuti ya Maxim, imene idapangidwa m'chaka cha 1884, inkalavula zipolopolo mazana angapo pa mphindi imodzi.

Ngakhale zidali choncho, mafumu a Chiyao sadagonje msanga. Anthu a Makanjira adapha Kaputeni Cecil Maguire mu December 1891, ndipo a Jalasi adathamangitsa asilikali a boma m'chaka cha 1892 n'kuwalanda mzinga. Johnston adachita kuitanitsa asilikali achisikhi kuchokera ku India. Ku Mulanje adamanga malinga a Fort Lister ndi Fort Anderson kuti atseke njira ya akapolo yopita ku Quelimane. Pofika kumapeto kwa 1895, Matipwiri, Jalasi ndi Makanjira adali atagonja, ndipo Mlozi adanyongedwa ku Karonga mu December chaka chomwecho.

Kuchokera apo mfuti idakhala nkhani ya chiphaso ndi msonkho. Ulenje nawo udaikidwa malamulo. Dambo la Elephant Marsh ku Chikwawa ndi Nsanje, kumene Livingstone adawerengako njovu pafupifupi 800 m'chaka cha 1859, lidakhala malo otetezedwa m'chaka cha 1897, njovuzo zitachepa kale. Amene adazitha sadali alenje akuda okha. Alfred Sharpe, yemwe adadzakhala bwanamkubwa wa Nyasaland, adabwera kuno m'chaka cha 1887 ngati mlenje wa njovu.

Pamene mfuti zidasowa

Mbusa John Chilembwe ataukira atsamunda usiku wa pa 23 January 1915, vuto lake lalikulu lidali la zida. Ambiri mwa anthu ake adanyamula mikondo. N'chifukwa chake gulu lina adalituma ku Blantyre kukathyola nyumba yosungiramo mfuti ya kampani ya African Lakes ku Mandala. Gululo lidangopeza mfuti zochepa alonda asanakuwe. Pa 3 February Chilembwe adaphedwa chakufupi ndi Mulanje, ndipo kuukirako kudathera pomwepo.

Ku Thyolo kwenikweni moto udabuka mu August 1953, pamene chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinkayamba. Chiyambi chake chidali chaching'ono, mkangano wa malalanje obedwa pa esiteti ya Mangunda. Koma pansi pake padali mkwiyo wa zaka zambiri wa thangata ndi kusowa kwa malo. Anthu adagwetsa mitengo m'misewu ndi kudula mawaya a telefoni, ndipo zipolowe zidafalikira m'maboma oyandikana nawo. Zida za anthu wamba zidali mikondo, mauta, nkhwangwa ndi zibonga. Mfuti zamphamvu zidali kwa apolisi ndi asilikali. Anthu 11 adaphedwa.

Thangata lidatha dziko litayandikira ufulu wodzilamulira, koma njala ya malo ku Thyolo ikadalipo. M'chaka cha 2016 gulu la People's Land Organisation, lotsogozedwa ndi Vincent Wandale, lidautsanso nkhani yomweyi ponena kuti malo a maesiteti abwerere kwa anthu a ku Thyolo ndi Mulanje. Mlandu umene udayamba m'masiku a nsalu, mikanda ndi wonga sudazizirebe.

Ya dzana ndi ya dzulo

M'nthawi ya atsamunda ndi pambuyo pake, ntchito ya gogodera m'mudzi idali ya kumunda ndi kutchire. Inkaopseza nguluwe ndi anyani odya chimanga, ndipo mlenje wodziwa ankabwera ndi mbawala kapena gwape. Mwini mfuti ankapatsidwa ulemu, pakuti nyama yake inkagawidwa motsata mwambo, mfumu n'kulandira gawo lake.

Osula zitsulo ndiwo adaitalikitsira moyo mfutiyi. Kachitsulo kakathyoka ankasula kena pachipala. Mtengo ukang'aluka ankasema wina, kapena kuukulunga ndi waya ndi chikopa chachiwisi chimene chimagwira zolimba chikauma. Eni ena ankakhomerera timisomali tamkuwa pa mtengowo pofuna kukongoletsa. Motero mfuti imodzi imatha kukhala ndi mpope wa ku Birmingham, mtengo wa mlombwa ndi chikopa cha njati ya m'chigwa cha Shire.

Luso lomwelo lidabala china choopsa. Mpaka lero alipo amene amapanga mfuti zodyera kukamwa ndi mipope wamba, ndipo nazonso zimatchedwa gogodera. Izi si zakale ayi, ndipo zilibe mbiri yoti n'kusunga. Ndi zida za opha nyama mozembera lamulo. Mpope umene sudapangidwire moto wa wonga umatha kuphulikira m'manja, n'kudula zala kapena kuchititsa khungu mwini wake yemwe.

Nkhalango ya Majete ku Chikwawa, imene munthu amaiona patali akaima pa zitunda za Thyolo, ndi umboni wa zimene mfuti ndi misampha zimachita. Zipembere zidatha, mikango idatha, ndipo pofika 1992 njovu zidatheratu. Nthawi imeneyo n'kuti mfuti za AK47 zochokera ku nkhondo ya ku Mozambique, imene idatha chaka chomwecho, zitalowa m'dziko muno. M'chaka cha 2003 boma lidagwirizana ndi bungwe la African Parks kuti liziyendetsa nkhalangoyi. Zipembere zidabwezedwamo chaka chomwecho, njovu m'chaka cha 2006 ndipo mikango m'chaka cha 2012. Pakati pa zida zimene alonda a nyama amalanda m'nkhalango za dziko lino, pambali pa misampha ya waya, pamakhala mfuti za gogodera.

Lamulo silisewera pa nkhaniyi. Kusunga mfuti popanda chiphaso ndi mlandu pansi pa lamulo la Firearms Act. Lamulo la nyama zakutchire, limene lidakhwimitsidwa m'chaka cha 2017, limalola khoti kugamula zaka zofika 30 kundende pa milandu ikuluikulu yokhudza nyama zotetezedwa. Ndiponso ndi mumzinda wa Blantyre momwemu mmene atsogoleri a mayiko a SADC adasainira pangano lothana ndi kufala kwa mfuti mu August 2001.

Kwa anzathu ndi masewera

Chodabwitsa n'chakuti mfuti imene kuno imabisidwa kudenga, kumayiko ena imapukutidwa ndi mafuta n'kupachikidwa pabalaza.

Ku America kuli bungwe la National Muzzle Loading Rifle Association, limene lidayamba m'chaka cha 1933. Mamembala ake amasonkhana kawiri pa chaka m'tauni yaing'ono ya Friendship, m'chigawo cha Indiana, kukapikisana kulasa chandamale ndi mfuti zodyera kukamwa. Ena amavala ngati alenje a zaka 200 zapitazo n'kumagona m'matenti.

Pa dziko lonse pali bungwe la MLAIC, limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1971, ndipo limakonza mipikisano ya mayiko. Amalasa pa mtunda wa mamita 25, 50 ndi 100. Mfuti zenizeni zakale zimapikisana pazokha, zongotengera zakalezo nazonso pazokha. Makampani monga Davide Pedersoli wa ku Italy amapanga mfuti zatsopano zofanana ndi zakale kuti agulitse kwa okonda masewerawa.

Anthu amenewa amatsata malamulo okhwima. Wonga amachita kuyeza, ndipo mfuti yakale saiombera isanaunikidwe ndi katswiri. Osonkhanitsa mfuti zakale nawo amadziwa kuti mtengo wa mfuti suli pa chitsulo chokha. Amafuna kudziwa kumene idapangidwa, amene adaigwira ndi kumene idayenda. Mfuti yodziwika mbiri yake imaposa inzake yokongola koma yosadziwika kwawo.

Apa ndiye pamene Amalawi akutaya. Mfuti zimene zidadutsa m'manja mwa Amakololo, Ayao, Achikunda ndi Alhomwe zili ndi mbiri imene sipezeka kwina kulikonse, koma odziwa mbiriyo ndi okalamba, ndipo akutha mmodzimmodzi.

Kuizindikira kwake

Mfuti yeniyeni yakale imadzinenera yokha kwa woyang'anitsitsa. Pa chitsulo cha m'mbali, pamene pali kanyundo, zambiri za ku England zimakhala ndi chithunzi cha chisoti chachifumu ndi mawu oti TOWER, nthawi zina ndi chaka chomwe. Amalonda ankadindanso mawu omwewa pa mfuti zotchipa pofuna kukopa ogula, choncho chidindocho pachokha sichitsimikiza kuti mfutiyo idali ya asilikali.

Pa mpope, chakumbuyo, pamakhala tizidindo ta nyumba yoyesera mfuti. Ku Birmingham nyumba yotere idatsegulidwa m'chaka cha 1813. Za ku Liège zimadziwika ndi zilembo ELG zozunguliridwa ndi kamzere kooneka ngati dzira. M'madera a Apwitikizi munkayendanso mfuti zazitali, zowonda, zotchedwa Lazarino.

Yopangidwa dzulo ilibe zonsezi. Mpope wake ndi wofanana kukula kuyambira kumbuyo mpaka kukamwa, zitsulo zake n'zowotcherera, ndipo nthawi zambiri imamangidwa ndi mphira.

Chimene aliyense ayenera kudziwa n'chakuti mfuti yopezeka kudenga ikhoza kukhala yodzadza. Alenje ambiri ankaisunga ili yothira kale kuti nguluwe ikalowa m'munda usiku asachedwe. Wonga wakuda ukakhala pouma suola, umatha kuyaka patapita zaka makumi ambiri. Choncho mfuti yotere si yolozetsa munthu, si yoika pafupi ndi moto, si yopereka kwa wowotcherera zitsulo, ndipo si yoyesa ngati ikadalira. Chitsulo chimene chadyedwa ndi dzimbiri kwa zaka 100 sichingapirire moto umene chinkapirira chili chatsopano.

Nanga banja lija litani?

Kuibisa ndi kusunga mlandu m'nyumba. Kuigulitsa mwamseri, kaya kwa mlendo wofuna zakale kaya kwa mlenje, ndi mlandu winanso, ndipo lamulo la Monuments and Relics Act limateteza zinthu zakale kuti zisamatuluke m'dziko mwachisawawa. Kuitaya m'chimbudzi ndi kukwirira mbiri ya banja ndi ya dera lonse.

Njira yowongoka ndi kuisiya pamene ili, kudziwitsa nyakwawa, kenaka n'kupita limodzi kupolisi kukanena. Bungwe la African Union lidasankha mwezi wa September, kuyambira m'chaka cha 2017, kuti ukhale nthawi yolimbikitsa anthu kupereka okha mfuti zopanda chiphaso.

Koma banjalo lisanaipereke lili ndi ntchito imene wina aliyense sangaligwirire. Lijambule mfutiyo ndi foni, mbali zonse, ndi zidindo zomwe. Likhale pansi ndi azakhali, amalume ndi agogo amene atsala, n'kulemba zimene akukumbuka. Mwini wake woyamba adali yani? Adabwera nayo kuchokera ku Mozambique, kapena adaigula kuno? Idaphapo chiyani? Adaisula kachiwiri ndani? Likatero lipemphe kuti a nthambi ya boma yoona za zinthu zakale, amene amayang'anira nyumba yosungiramo zakale ya ku Chichiri mu Blantyre, adziwitsidwe.

Apolisi nawo ali ndi mbali yawo. Mfuti zolandidwa zimaonongedwa, ndipo n'koyenera kutero ndi AK47 kapena mpope wosulidwa chaka chatha. Koma pa mulu womwewo pakhoza kukhala mfuti imene idaoloka Ruo Johnston asanafike. Kuitana katswiri wa zakale kuti aone muluwo moto usanayatsidwe sikungadye ndalama zambiri. Mfuti yakale ikhoza kutsekedwa kuti isadzalirenso, n'kuikidwa m'galasi pamodzi ndi dzina la mudzi umene idachokera.

Ana asukulu a ku Bvumbwe, Luchenza ndi Thekerani amaphunzira za malonda a akapolo, za thangata ndi za Chilembwe kuchokera pa bolodi. Ambiri mwa iwo amadutsa m'minda ya tiyi tsiku ndi tsiku popita kusukuluko, osadziwa kuti malowo adasintha manja motani. Ataona ndi maso chitsulo chimene mfumu ina idalandira posinthana ndi chigwa chathunthu, phunzirolo silingawatuluke m'mutu.

Paja akuluakulu adati mawu a akuluakulu akoma akagonera. Mfuti ya agogo idasiya kulira kalekale, koma ikadali ndi zoti inene kwa adzukulu, bola ipeze woisunga dzimbiri ndi chiswe zisanaimalize.